Mawu amodzi amene anathawitsa ana pa sukulu ya Mama Yohana

Ntchito ya ana aang'ono sindinaifunefune. Inandipeza nditakhala pabenchi la telala wina ku Mbamba Bay. Ndinali nditagwirapo ntchito yolemba katundu wotsika m'sitima ku Ndumbi, ndipo itatha ndinabwerera kunyumba wopanda chochita. Makolo anga anachokera ku Nkhotakota, koma ine ndinabadwira kuno, sukulu ndinalekezera Folomu 4. Pakhomo timayankhula Chichewa, tikatuluka Chiswahili.

Amene anandipeza ndi Mama Yohana, mayi wa mumpingo mwathu. Iwo anabwera kuchokera ku Malawi ali mtsikana, nakwatiwa kuno, ndipo mwamuna wawo atamwalira ankadzisamala ndi kuyanika usipa. Anaima patsogolo panga ndi dengu pamutu.

"Achimwene, inu muli ndi satifiketi koma manja ali chete. Ine manja ndili nawo, satifiketi ndilibe. Bwanji tiphatikize?"

Ndinawafunsa ngati kulera ana ndi ntchito ya amuna. Anati mwana akafuna kupita kuchimbudzi safunsa zimenezo.

Sukulu yawo inali m'mudzi wa asodzi, panjira yopita ku Chiwanda, m'nyumba imene kale ankasungiramo mchere ndi maukonde. Ana ake anali a amayi oyanika usipa pa vichanja, mathandala aatali aja a m'mbali mwa nyanja, ndi a abambo onyamula matumba. Ena anali a mabanja a Chichewa ngati ife, ambiri anali a Amatengo otsika kumapiri ndi anthu ochokera kumpoto kwa nyanja. Sukulu ya pulaimale ya boma ili ndi kalasi ya ana aang'ono, darasa la awali, ndipo salipiritsa. Koma ili kutali, ndipo pakati pali mtsinje umene umadzaza m'dzinja. Mwana wa zaka zisanu sangauwoloke yekha, ndipo mayi amene usipa wake uli padzuwa sangamuperekeze. Choncho anawo ankangosewera pamchenga, pafupi ndi madzi, mpaka Mama Yohana anayamba kuwasonkhanitsa.

Anandiphunzitsa ntchito mwa kundionetsa. M'mawa timawaza madzi pansi tisanasese, kuti fumbi lisakhale m'mwamba ana akamalowa. Kenako timayala mikeka. Pakhomo pali mpondagiya, amene kuno amati kibuyu chirizi: chigubu chomangirira pamtengo, mwana akaponda kamtengo ka pansi madzi amatsika. Mwana aliyense amasamba m'manja asanalowe, ife tikuyang'ana zikhadabo ndi m'mutu ngati muli chipere. M'kati munali makona atatu. Kona yowerengera inali ndi zitsekerero za mabotolo ndi tizigoba ta nkhono. Kona ya zilembo inali ndi zilembo zodula m'makatoni a sopo, ndi lichero la mchenga lolembapo ndi chala. Kona yachitatu inali ya zidole za dongo zimene anawo ankaumba okha. Phala tinkaphikira kuseri, la mgaiwa, nsinjiro zikapezeka. Lamulo lawo linali lakuti phala lizizirire panja, ndipo mphika usadutse pakati pa ana atakhala. Lamulo lina linali la ine ndekha, chifukwa ndine wamtali.

"Mukamayankhula ndi mwana, njutani. Akamakuonani m'mphuno sakumvani."

Cholinga chawo chinali chakuti malowo akhale kituo shikizi, ndiko kuti nthambi ya sukulu ya boma ija. Zikatero boma limatumiza mphunzitsi wophunzira ntchito ndi mabuku, ana amalembedwa m'kaundula wa sukuluyo, ndipo akakula amalowa Sitandade 1 popanda vuto. Mama Yohana ankadziwa kuti okha sangapitirize. Msana unali utayamba kuwavuta, ndipo ufa wa phala nthawi zambiri unkachokera m'nyumba mwawo.

Zofunika zinali zambiri. Mudzi unayenera kupereka malowo ndi kalata. Panafunika komiti ya makolo, madzi, zimbudzi ziwiri za mabowo aang'ono, denga losadontha ndi mawindo olowetsa kuwala. Ine ndinkalemba makalata m'Chiswahili ndi kuwapereka kwa afisa elimu wa kata, mkulu woyang'anira sukulu za dera lathu. Njerwa tinaumba ndi makolo. Chotsiriza chinali kubwera kwa mthibiti ubora, woyendera sukulu wochokera kuboma, kuti adzaone nyumbayo ndi kupeza ana okwanira ali m'kalasi akuphunzira. Afisa elimu uja anatiuza poyera kuti chaka chimenecho mphunzitsi wotumizidwa ku nthambi yatsopano ndi mmodzi, ndipo midzi yomufuna si ife tokha.

Kawiri konse anatipatsa tsiku koma osabwera. Masiku onse awiriwo amayi anasiya vichanja nadikira pasukulu m'mawa wonse, ndipo tsiku lachiwirilo mvula inanyowetsa usipa wa ena. Mama Yohana anachita manyazi kwambiri. Uthenga wachitatu utafika, anati tisauze makolo. Abwere kaye alendowo, ndiye tiitane amene ali pafupi.

Litatsala tsiku limodzi kuti alendowo abwere, ana asanaweruke, anawauza m'Chiswahili kuti mawa asambe bwino, avale zovala zabwino, chifukwa kubwera galimoto. Ana anayamba kufunsa kuti galimoto ya chiyani. Iwo anali atatopa, ndipo anayankha m'Chichewa monga ankachitira akatopa: "Zinazo ndidzakuuzani mawa."

Kutacha ndinawaza madzi, ndinasesa, ndinayala mikeka yonse. Aphunzitsi aakulu a sukulu ya pulaimale anafika panjinga yamoto atavala tayi. Ana anayamba kubwera, osamba, odzola mafuta. Koma anali ochepa, osadzaza ngakhale mikeka iwiri, ndipo ndinazindikira kuti onse ndi a mabanja a Chichewa. Tinadikira. Kunjira kunali zii. Ngakhale pamchenga, pamene nthawi zonse pamakhala ana othamangitsana, panalibe ndi mmodzi yemwe.

Aphunzitsi aakulu anatulutsa foni. Anati tiwaimbire alendowo, tinene kuti m'mudzi mwagwa chikuku, atipatse tsiku lina.

"Mukatero abwera a chipatala," anatero Mama Yohana. "Nawonso tiwauza chiyani?"

Tisanagwirizane, tinaona gulu la amayi likukwera kuchokera kunyanja. Patsogolo panali Baba Kasiani, Mmatengo wonyamula matumba, munthu wa phee amene anatithandiza kukumba zimbudzi. Tsiku limenelo ananyamula nkhafi. Anaima pakhomo nayankhula m'Chiswahili.

"Mama, tabwera kudzamva mtengo. Mwana mmodzi mukumugulitsa bwanji?"

Mama Yohana anaika pansi chikho chimene anagwira. Anamufunsa kuti wamva kwa ndani. Anati kwa mwana wake Kasiani, ndipo Kasiani anamva kwa Tiyamike. Tiyamike anali mtsikana wa zaka zisanu wa banja la Chichewa, wolongolola, amene ankakonda kumasulira anzake zonse zimene aphunzitsi anena. Anali m'kalasi atavala deresi la kutchalitchi. Mama anamuitana, nanjuta patsogolo pake.

"Mwanawe, dzulo Kasiani unamuuza chiyani? Nena monga unanenera."

Tiyamike ananena mokweza, monyadira: "Kesho tuoge, tuvae nguo nzuri, gari linakuja. Mwalimu atatuuza."

Ndinamva nthawi yomweyo. M'Chichewa kuuza ndi kufotokozera munthu nkhani. M'Chiswahili kuuza ndi kugulitsa. Mwanayo anatenga mawu athu nawaveka malaya a Chiswahili. Iye ankati aphunzitsi adzatiuza. Kasiani anakauza makolo ake kuti mawa tisambe, tivale bwino, kubwera galimoto, aphunzitsi atigulitsa.

Aphunzitsi aakulu, amene ankamva pang'ono chiyankhulo chathu, anaseka mpaka kugwira khoma. Inenso ndinaluma mlomo. Mama Yohana sanaseke. Anasisita Tiyamike m'mutu namubweza pamkeka, kenako anafotokozera makolowo za mawu awiriwo.

Sizinathandize. Baba Kasiani anati wakuba aliyense amakhala ndi mawu a matanthauzo awiri. Mayi wina anakumbutsa kuti sabata yapitayo ana anayezedwa pasikelo yopachika. Zinali zoona: anabwera a zaumoyo, ndipo sikelo yawo inkafanana ndi ya ogula usipa.

"Ife malonda timawadziwa," anatero mayiyo. "Umayeza, umayeretsa, umapakira, lole imabwera. Nanga ngati ndi alendo abwino, bwanji ulendo uno simunatiuze?"

"Pamenepo mwandigwira," anayankha Mama. "Ndinakubisirani chifukwa ndinachita manyazi ndi usipa wanu umene unanyowa. Ndinalakwa. Koma inu simunalakwe. Mayi amene wamva kuti mwana wake agulitsidwa, n'kumusambitsa, n'kumutumiza, ameneyo ndiye ndikanamuopa."

Akuyankhula choncho, galimoto inatulukira pakona: yoyera, yaitali, ya magalasi akuda. Amayi ena anakuwa, awiri anathamangira kunyanja kumene anabisa ana. Baba Kasiani anagwira nkhafi ndi manja awiri.

Anatsika mayi wamfupi wa magalasi, atanyamula chikwama, pamodzi ndi afisa elimu wa kata. Aphunzitsi aakulu anayamba malonje aatali, koma Mama Yohana anapempha kuti ayankhule. Anafotokoza zonse, kuyambira usipa wonyowa mpaka mawu a Tiyamike, osachotsa kanthu. Mthibitiyo anamvetsera nkhope ili gwa. Anasuzumira m'kalasi, naona mikeka yopanda ana.

"Mama, nkhani yanu ndaimva. Koma sindingalembe ana amene sindinawaone. Masana ano andidikira ku Lipingo, ndipo kumeneko ana ndikawapeza."

Ndinaona kuti zatha. Ndinaganiza za njerwa zija, ndi za ana kubwerera pamchenga.

Mama anapempha nthawi yongokwanira kuphika phala. Mthibitiyo anayang'ana wotchi navomera. Kenako Mama anatembenukira kwa Baba Kasiani.

"Baba, chimene mukuopa ndi galimotoyi. Ikapanda kuyenda, mwana angapite kuti? Nanga kiyi wake akakhala ndi inu, ana abwera?"

Bamboyo anaganiza. Anati akhoza kubwera.

"Iyi ndi galimoto ya boma," anatero mthibitiyo. "Kiyi sapatsidwa kwa munthu wamba."

Mama Yohana anati: "Ana awanso tikufuna akhale a boma, mama. Makolo awa mukuwapempha kuti akupatseni ana. Inu akukupemphani kachitsulo."

Amene anamasula mfundo ndi dalaivala, mnyamata wonenepa wansangala. Anati kiyi sangapereke m'manja mwa munthu, angamuchotse ntchito, koma palibe lamulo loletsa kumupachika pamsomali. Pamwamba pa chitseko panali msomali umene tinkapachikapo belu. Anapachika kiyi pamenepo, navula nsapato, nalowa kukakhala pamkeka pakati pa ana. Baba Kasiani anaima pansi pa msomaliwo ndi nkhafi yake.

"Tsopano mukandigulitsa ine, mupeza zambiri," anatero dalaivalayo akudzimenya pamimba. "Ndiyezeni kaye."

Mayi uja wa sikelo ndiye anayamba kuseka. Anatsika kunyanja, ena namutsatira. Mama Yohana anapita nawo, msana wowawawo, ine ndinatsala ndikukoleza moto.

Ana anabwera m'magulumagulu. Ena anawatulutsa pansi pa mabwato ovundikira, ena kuseri kwa matumba. Sindinaonepo ana athu ali akuda ngati tsiku limenelo. Amayi anawaveka sanza dala, ena anawapaka phulusa kumaso, kuti ogula asawakhumbire. Anaima pamzere pa mpondagiya, aliyense akuponda ndi kusamba m'manja monga mwa masiku onse, m'manja mokha muli mbee. Mikeka inadzaza. Amayi anakhala kumbuyo motsamira khoma, aliyense maso pa mwana wake.

Phunziro linali langa. Ndinaphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero: mwana amatenga zitatu, amaziyala, amazigwira chimodzichimodzi akutchula, kenako amalemba nambala pamchenga ndi chala. Kumbuyo kwanga kunali munthu wa nkhafi, kutsogolo munthu wa cholembera. Dalaivala analakwitsa dala, nati ziwiri ndi chimodzi ndi zisanu. Kasiani, kamnyamata kaphulusa kumaso, anamukonza mokalipa, namugwira chala kuti awerengenso. Ndinamva bambo ake akutsokomola pakhomo.

Mthibitiyo anawerenga ana mutu ndi mutu, nayerekeza ndi kaundula wathu. Anatuluka kukaona madzi, anagwedeza mafelemu a mawindo, analowa m'zimbudzi zonse ziwiri. Anaima kuseri kuona mmene Mama ankaziziritsira phala ndi kuligawa m'makapu panja. Anafunsa amayi atatu mafunso payekhapayekha. Pomaliza anatiitana ife awiri. Anati bowo la chimbudzi cha anyamata ndi lalikulu, tilichepetse sabata yomweyo. Anati m'kalasi tiziyankhula Chiswahili chokha, ngakhale titatopa, ndipo poyankhula izi anayang'ana Mama pamwamba pa magalasi. Za ganizo lake sananene kanthu. Baba Kasiani ndiye anatsitsa kiyi pamsomali, namupereka kwa dalaivala ndi manja awiri.

Yankho linabwera patapita milungu, kudzera kwa aphunzitsi aakulu. Malo athu anavomerezedwa. Chaka chitayamba kunabwera mphunzitsi wa boma, mtsikana wa ku Songea, ndi makatoni a mabuku.

Pali mbali imene anthu saidziwa akamafunsa za ntchitoyi. Sukulu ikakhala ya boma, imasiya kukhala yako. Mama Yohana analibe satifiketi, choncho sakanaimanso patsogolo pa kalasi imene anaiyambitsa. Izi ankazidziwa kuyambira tsiku loyamba. Anapereka choko ndi belu kwa mtsikanayo, namuonetsa mwana amene samva bwino khutu lamanzere ndi amene amaopa chimbudzi, kenako anapita kuseri kukasonkha moto. Anakhala wophika phala ndi membala wa komiti. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale nthawi zina ndinkawaona ataima pawindo, milomo ikutsatira nyimbo ya zilembo. Ine ndinatsala ngati wothandizira, ndipo pambuyo pake ndinapita kukaphunzira ntchitoyi.

Si ana onse amene anabwerera. Mabanja awiri sanakhulupirire, ngakhale anaona galimoto ikuchoka yopanda mwana. Mama anawayendera kangapo. Banja lina linabweza mwana patapita miyezi, lina linasamukira kumpoto mwana wawo asanalowenso m'kalasi. Dzina la mwanayo Mama amalitchulabe.

Tsiku lina tikutsuka makapu ndinawafunsa kuti zinatheka bwanji osaseka, pamene nkhaniyo inali yoseketsa chotero.

"Ndinaseka, achimwene. Ndinakasekera kunyumba, mpaka mwana wanga Yohana anaganiza kuti ndapenga. Koma pamaso pa munthu amene akuopera mwana wake, ukaseka wamutaya. Akhoza kuona kuti unalondola, koma mwana sakupatsanso."

Ndakhala pa ntchitoyi zaka zambiri tsopano, ndipo zimene ndinaphunzira kukoleji zimandithandiza. Koma chimene ndimasunga kwambiri ndi ichi: uthenga wa makolo sutumidwa pakamwa pa mwana. Kaya kukubwera a katemera, kaya alendo, kaya ndi tsiku lojambulitsa, ana akaweruka ndimatseka chitseko n'kutsika ku vichanja ndekha. Ndimayenda thandala ndi thandala, ndikunena m'chiyankhulo chimene mayiyo amamva, ngakhale uthengawo ukhale wochititsa manyazi kapena wosatsimikizika. Ndikatha ndimamufunsa kuti wamva chiyani, ndipo sindichoka mpaka atandibwerezera.